Njira ya kuphanga: zolemba za ntchito ya mudzi wathu, Epulo mpaka Novembala

Sabata yachitatu ya Epulo

Pamsonkhano wa dzulo pabwalo anandisankha kukhala mlembi wa komiti, ndiye ndayamba kaundula uyu. Abale athu amene ali ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Joni akhala akufunsa pafoni kuti ndalama zimene anasonkha zikugwira ntchito yanji. Ndizilemba zonse pano, zoyenda ndi zosayenda zomwe.

Kwa amene simudziwa kwathu: mudzi wathu ndi waung'ono, uli kufupi ndi phiri la Mphunzi m'boma la Dedza. Timalima chimanga, nyemba ndi kachewere. Kumtunda kwa minda yathu kuli matanthwe aakulu otsamirana, ndipo pansi pa ena mwa iwo pali zojambula za makolo, zofiira ndi zoyera. Dera lonseli limatchedwa Chongoni. Mu 2006 bungwe la UNESCO linaliika pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo m'dera la masikweya kilomita 126.4 anawerengamo malo 127 okhala ndi zojambula. Otchuka ndi Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Phanga lathu si lalikulu ngati amenewo, koma ndi lathu, ndipo tinakula tikubisalamo mvula tikamaweta mbuzi.

Chimene chatidzutsa n'chakuti alendo amabwera ndithu, ngakhale mwa apo ndi apo. Galimoto ikaima pamsewu, ana amathamanga, ena kuthawa m'kalasi, n'kuwatsogolera kudutsa m'minda ya anthu. Mlendo amajambula zithunzi, amapatsa mwana kandalama, basi wapita. Sanamve mbiri, sanamwe ngakhale thobwa, ndipo mwini munda watsala akudandaula nyemba zake zopondedwa. Ine monga mphunzitsi, za ana othawa m'kalasizo ndi zimene zimandiwawa.

Tagwirizana zinthu zinayi: kukonza njira imodzi yokwera kuphanga, kumanga chisakasa chopumiramo alendo patsinde pa phiri, kukumba chimbudzi, ndi kuphunzitsa achinyamata athu kuperekeza alendo. A mfumu apereka malo a chisakasa. Tiyamba tikatha kukolola.

Sabata yachiwiri ya Meyi

Njira tayiyamba Lachiwiri. Tinalipo anthu oposa makumi awiri, amayi ndiwo anachuluka. Makasu, zikwanje, piki imodzi yobwereka ndi wilibala ya kusukulu.

Tsiku loyamba linatha ndi mkangano wa komwe njira idutse. Anyamata ankafuna yolunjika, yongokwera chiriri kuchokera pachitsime. Bambo wina wachikulire, amene moyo wake wonse wakhala akutola miyala yomangira m'phiri muno, anakana. Anati, "Ana inu, njira yolunjika paphiri ndi ngalande. Mvula ya Januwale idzaitenga n'kuitula m'dimba mwa eni ake." Tinamvera iwo. Njira ikupita mokhotakhota, ndipo pamalo potsetsereka tikuyala miyala yaphanthiphanthi ngati masitepe, mwala uliwonse kuukwirira theka lake m'nthaka kuti usagwedere. Pakhota paliponse tikusiya kangalande kotayira madzi kumbali. M'mphepete tidzabzala vetiva mvula ikagwa.

Tinagwirizananso kuti palibe kuswa mwala kapena kukumba pafupi ndi phanga. Miyala tikutola kumunsi n'kukwera nayo pamutu. N'zolemetsa, koma dothi la pansi pa phanga silofunika kulitakasa, chifukwa m'mapanga a Chongoni akatswiri anafukulamo zida za miyala ndi mapale a anthu akale, ndipo sitidziwa chimene chagona pansi pa lathu.

Kumapeto kwa Meyi

Sitinagwire ntchito masiku asanu ndi limodzi. Kunali maliro a mlongo wawo wa a mfumu, ndipo khasu silinyamulidwa mudzi uli pachisoni. Chisanu chayamba, m'mawa nkhungu ikumaphimba phiri mpaka dzuwa litakwera. Anthu akumafika mochedwa, ena ali kalikiliki m'madimba. Njira yafika pakati.

Sabata yachiwiri ya Juni

Lero ndabwera kunyumba mtima uli wowawa. Titafika ndi njira pakhomo pa phanga, tinayang'anitsitsa khomalo bwinobwino, mwina koyamba pa zaka zambiri. Pamwamba pa zojambula zofiira wina analembapo dzina lake ndi makala, zilembo zikuluzikulu. Pambali pali mayina ena a choko, ndi dzina la timu ya mpira. Kudenga kuli mwaye wa moto wa osaka mbewa ndi abusa a mbuzi. Si alendo anachita izi. Ndi ana athu, ndipo zilembo zina ndazizindikira chifukwa ndi ine ndinawaphunzitsa kugwira choko.

Mayi wina wa m'komiti anathamangira kukatunga madzi ndi sopo kuti titsuke. Mwamwayi wapampando anamuletsa madzi asanakhudze thanthwe. Madzi, sopo ndi kukhula zimachotsa utoto wakalewo pamodzi ndi makala, ndipo zikachoka zachoka. Ngakhale kugwira ndi dzanja kumawononga, chifukwa thukuta ndi mafuta a m'manja zimatsalira pamwala. Malo amenewa ndi otetezedwa ndi lamulo la dziko, ndipo owayang'anira ndi a nthambi ya boma yoona za zinthu zakale. Tawalembera kalata yowadziwitsa zimene tapeza ndi zimene tikuchita. Kufikira atabwera odziwa ntchitoyo, sitikhudza kanthu. Tangoyala mzere wa miyala pansi, mapazi angapo kuchokera pakhoma, woti munthu aziimira kumbuyo kwake.

Sabata yoyamba ya Julaye

Tasankha operekeza alendo: anyamata atatu ndi atsikana atatu, onse anafika Folomu 4 koma ali pakhomo. Awiri amalankhula Chingerezi mosadodoma. Ntchito yolemba zimene azinena inagwera ine, ndipo ndinakhala usiku utatu ndikulemba pa nyali.

Za zofiira sizinandivute. Zimenezo ndi zakale kwambiri, anajambula ndi Akafula, amene ena amawatcha Abatwa, anthu osaka nyama ndi otola zakutchire amene makolo athu Achewa anawapeza kuno. Palibe mwana wa kwathu amene sanamve nthano ya Amwandionerapati, anthu aafupi amene ukakumana nawo umayenera kuyankha kuti "ndakuonerani patali". Zojambula zawo zambiri si nyama kapena anthu ayi, ndi mizere, timadontho, zozungulira, zina ngati makwerero, zina ngati dzuwa lotulutsa mivi. Tanthauzo lake linapita ndi eni ake. Ndinalemba kuti woperekeza azinena choncho moona, asamapeke.

Zoyerazo ndi za alimi, makolo athu enieni, anazipaka ndi zala pogwiritsa ntchito dothi loyera. Zina zimaoneka ngati nyama yotambalala imene ukuiona uli pamwamba pake, miyendo uku ndi uku, ngati buluzi kapena ng'ona. Mabuku amene ndinawerenga amati zimenezi zimakhudzana ndi chinamwali cha atsikana. Ndinakopera zimene ndinapeza, ndi kumasulira kwake komwe, masamba awiri athunthu, ndipo ndinkaona ngati ndagwira ntchito yotamandika.

Loweruka ndinawerenga pepalalo pamaso pa komiti. Ndisanamalize tsamba loyamba, agogo ena amene ndi namkungwi wamkulu m'mudzi muno anaimirira, anakonza chitenje chawo, n'kutuluka osanena kanthu. Amayi ena atatu anawatsatira. Msonkhano unathera pomwepo.

Lamulungu madzulo

Ndinapita kwawo. Ndinakhala pansi pakhonde, ndinaomba m'manja, iwo ali pamphasa akusola nyemba. Anandisiya kanthawi.

Kenaka anati, "Aphunzitsi, mwana wanga, zija munawerenga zija munazitenga kuti?"

Ndinati m'mabuku, agogo.

"Amene analemba mabukuwo anavinidwa?"

Ndinakhala chete. Anapitiriza modekha, osakweza mawu. Anati zina mwa zimene ndinawerenga n'zolakwika, zina n'zoona, koma zoonazo ndiye zoopsa kwambiri, chifukwa si za pabwalo, si za amuna, ndipo si za mtsikana amene sanakule. Anati, "Inu mukufuna mnyamata wa dzana aime pathanthwe, azimasulira za amayi ake kwa munthu wodutsa, kusinthanitsa ndi ndalama? Ndiye ife tidzalangiza chiyani ana akamadzati tinamva kale kuphanga?"

Ndinapepesa, ndipo ndinapepesa kuchokera pansi pa mtima. Ndinalowa m'nyumba ya eni popanda kuodira. Ndinkaganiza kuti zojambulazo ndi za anthu amene anafa kale, pomwe eni ake ena ndimapatsana nawo moni m'mawa uliwonse pachitsime. Ndipotu chifukwa china chachikulu chimene Chongoni analembedwera ku UNESCO ndi chomwechi, chakuti miyambo ya zojambulazi ikadali yamoyo pakati pa anthu ozungulira phirili. Ndinaziwerenga zimenezo m'buku lomwelo koma sizinandilowe mpaka nditakhala pakhonde paja.

Sabata yachitatu ya Julaye

Anamkungwi anakumana paokha kawiri. Ife amuna sitinaitanidwe ndipo sitinafunse. Lachinayi anatumiza mayi mmodzi kudzatiuza chigamulo. Woperekeza anganene kuti zoyerazo anajambula ndi amayi a makedzana, kuti zinkathandiza polangiza atsikana otha msinkhu za ulemu, ukhondo ndi kusunga banja, ndiponso kuti mwambowo ulipo mpaka lero. Kupitirira apo ayi. Mlendo akaumirira, yankho ndi lakuti, "Zimenezo zili ndi eni ake." Anawonjeza kuti pamalo a zoyerazo azilankhula ndi mtsikana, mnyamata aziima pambali. Anatinso pakhala masiku ena amene phanga lizitsekedwa, ndipo azitidziwitsa okha popanda kupereka chifukwa.

Mmodzi wa anyamata anadandaula kuti alendo amakonda zinsinsi, ndipo tikawamana sadzabweranso. Ine sindikugwirizana naye. Munthu amene wayenda ulendo wonsewu kudzaona thanthwe angamvetse kuti pali zina zosanenedwa. Ndipo ngakhale atapanda kumvetsa, kuli bwino atipite kusiyana n'kuti agogo aja atuluke kachiwiri.

Masamba anga awiri aja ndawang'amba. Zatsala ndime zitatu zimene amayiwo anavomereza nditawawerengera.

Kumapeto kwa Julaye

Zitamveka za amayi, akuluakulu a kudambwe nawo anatiitana. M'phanga lathu zithunzi za Nyau n'zochepa, si ngati ku Namzeze kumene kuli zambiri, koma nkhani yake alendo amaifunsa. Zimenezo ndi zaposachedwapa poyerekeza ndi zinazo. Zinajambulidwa m'nyengo imene Gule Wamkulu ankaponderezedwa, kuyambira nthawi ya nkhondo za Angoni pamene anthu ankathawira m'mapiri, kufikira nthawi ya amishoni ndi boma la atsamunda. Mbiri imeneyi akuluakulu alola kuti inenedwe, pamodzi ndi zoti mu 2005 UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu monga chuma cha anthu onse. Za kudambwe zokha ndiye saulula, ndipo palibe anatsutsa.

Funso lovuta linali lakuti kodi gule azituluka chifukwa kwabwera alendo. M'mudzi muno muli a mpingo ambiri, ena a CCAP, ena a Katolika, ndipo nkhani ya gule imafuna kuyenda nayo mwaulemu mbali zonse. A mfumu anadula motere: gule ali ndi nthawi yake, pamaliro, pachiliza, polonga ufumu ndi pachinamwali. Mlendo akapezeka tsiku lotero, aonerere ngati wina aliyense, apemphe kaye asanajambule. Koma komiti ilibe mphamvu yoitanitsa chilombo ngati kuitanitsa kabaza.

Ogasiti

Mwezi wa zomangamanga, ndipo ndi umene watidyera ndalama. Chisakasa chaima: nsichi za bulugamu kuchokera m'nkhalango ya kusukulu, phaso la nsungwi, udzu amayi anamweta okha mu Juni. Mipando ndi ya dothi, yozira bwino.

Pa njerwa tinasintha maganizo. Tinkafuna kuotcha uvuni, koma msungichuma anafunsa kuti nkhuni zake tidula kuti, ngati si m'phiri lomwelo timati alendo adzaone. Takhoma chimbudzi ndi zidina, dzenje talimanga ndi miyala, simenti yangopita pa silabu ndi m'munsi mwa khoma.

Chatipweteka ndi mmisiri. Tinagwirizana ndi munthu wina wa kutali, tinamupatsa theka la ndalama, anagwira masiku awiri n'kusowa, foni osayankha. Kulakwa kwathu n'kwakuti sitinalemberane. Silabu amaliza ndi anyamata athu awiri amene anagwirapo ntchito ya zomanga m'tauni. Kuyambira pano ndalama iliyonse yotuluka izisainidwa ndi anthu atatu, ndipo buku la msungichuma liziwerengedwa pabwalo mwezi uliwonse. Amene munasonkha, ndalama yotayikayo ili m'bukumo, sitinaibise.

Sabata yachiwiri ya Seputembala

Tinatenga operekeza onse asanu ndi mmodzi kupita nawo ku Mua, kutsika msewu wokhotakhota wa ku Golomoti. Anayi mwa iwo anali asanatsikepo chigwa chimenecho. Mishoni ya Mua inayamba mu 1902, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni. M'nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare muli mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao, ndi zigoba za gule zambirimbiri.

Sitinapite kukakopera. Ndinkafuna aone mmene munthu amalandirira mlendo: poimira, poyambira nkhani, nthawi yokhala chete kuti mlendo aone yekha. Pobwerera m'minibasi mtsikana wina anati chimene waphunzira n'chakuti woperekeza wabwino sathamanga. Mnyamata uja wa zinsinsi anakhala phee njira yonse, kenaka tikuyandikira Dedza anati akufuna kukafunsa agogo ake aamuna mayina a mitengo yonse ya m'njira yathu. Wabwera nawo mayina oposa khumi, ndi ntchito ya mtengo uliwonse: msuku, muwanga, mombo wa luzi, mpoza, kadale. Gawo limeneli silinali m'mapulani athu, koma likuoneka kuti lidzakoma kuposa ndime zanga.

Kumapeto kwa Seputembala

Moto. Osaka mbewa anayatsa kuseri kwa phiri Lachitatu masana, mphepo n'kuukankhira kuno. Tinalimbana nawo ndi nthambi zaziwisi mpaka mdima. Unafika pafupi ndithu ndi phanga, koma udzu wa pakhomo tinali titaulambula pokonza njira, ndiye unazima wokha pamenepo. Kutentha kumasuwa thanthwe, kachikamba kamwala kamagwa pamodzi ndi chojambula chake. Tagwirizana kuti chaka chilichonse mu Juni tizilambula mozungulira phanga. A mfumu alengeza chindapusa cha mbuzi kwa woyatsa moto m'phirimo.

Sabata yachitatu ya Okutobala

Alendo oyamba kuyenda m'njira yatsopano: banja la ku Lilongwe, bambo, mayi ndi ana awiri, pamodzi ndi mnzawo wochokera kunja. Anali atagona ku Dedza, anaona zoumba za ku Dedza Pottery, wina n'kuwauza za kuno. Ndinawatsatira kumbuyo ndili chete.

Anakwera pang'onopang'ono, akuima pamtengo uliwonse. Pamwamba, asanalowe kuphanga, anakhala pathanthwe lathyathyathya kuyang'ana minda, madimba obiriwira m'mphepete mwa mtsinje, midzi ndi mapiri otalikira kumalire a Mozambique. Ife tinazolowera, koma mayi uja anakhala nthawi yaitali osalankhula.

Pa zoyera, mlendo wakunja anafunsa kawiri kuti nyama yotambalalayo ikuimira chiyani kwenikweni. Mtsikana wathu anayankha zimene analoledwa, kenaka ananena mwaulemu, m'Chingerezi chomveka bwino, kuti zotsalazo zili ndi eni ake ndipo eni akewo ali moyo m'mudzi womwewu. Mlendoyo anagwedeza mutu, anatsitsa kamera. Mayi wa ku Lilongwe anaseka chamumtima n'kuuza mwana wake wamkazi kuti, "Udzamva nthawi yako ikakwana."

Potsika anapeza amayi atakonza thobwa, futali ndi kachewere wokazinga m'chisakasa. Anagula dengu la nyemba ndi mphasa imodzi. Ndalama ya ulendo tinaigawa monga tinapangana: gawo la operekeza, gawo la thumba la mudzi, ndi gawo la anamkungwi. Agogo aja analandira ndi manja awiri, anati agulira nsalu atsikana a chinamwali amene makolo awo alibe.

Zolakwika zinalipo. Tinalibe madzi osamba m'manja pachimbudzi, ndipo sitepe imodzi inagwedera mwana atapondapo. Zonse ziwiri takonza Lolemba.

Sabata yachiwiri ya Novembala

Lachisanu ndinakwera ndi ana a Sitandade 6 ndi 7, aphunzitsi aakulu atavomereza. Nditafunsa m'kalasi kuti ndani akudziwa amene anajambula m'phanga, ambiri anati azungu, ena anati mizimu. Ana obadwira patsinde pa phiri lomweli.

Agogo aja anati akwera nafe. Tinawaletsa chifukwa cha mawondo awo, anakana. Anakwera ndi ndodo, kupuma pakhota paliponse, atsikana awiri atawagwira m'mbali. Pamwamba ana anaima kumbuyo kwa mzere wa miyala, operekeza analankhula, kenaka agogowo analoza dzina lamakala lija ndi ndodo yawo osalikhudza. Sanafunse kuti analemba ndani. Anangoti, "Apa panagwira dzanja la agogo a agogo anga. Amene walemba pamwamba pake walemba pankhope pawo." Panali zii. Potsika mnyamata wina wa Sitandade 7 anandiyandikira n'kunong'ona kuti la choko lija ndi la mkulu wake, ndipo anafunsa ngati angathe kulifufuta yekha. Ndinamuuza kuti ayi, tidikire odziwa, koma tsiku limene adzabwere ndidzamuitana kuti adzawanyamulire zida.

Mvula yoyamba yagwa Lamulungu usiku. M'mawa ndinakwera kukaona njira: tingalande tagwira ntchito, pakhota lachitatu pokha ndi pamene madzi adya dothi, pakufunika miyala ina. Vetiva tibzala Loweruka, mbewu yake atipatsa a m'mudzi woyandikana nawo. Chikwangwani cha pamsewu sichinalembedwe, utoto tagula koma thabwa tilibe. Kalata yachiwiri yopita kwa oyang'anira zinthu zakale ndailemba, wapampando apita nayo ku boma Lachiwiri. Anamkungwi atumiza mawu kuti sabata yoyamba ya Disembala phanga likhala lotseka, choncho amene mukufuna kubwera ndi alendo, sankhani masiku ena. Masuku ayamba kupsa m'njira yonse yokwera.